Tsiku limene ndinalowetsa apusi m'munda

Chaka chatha chimanga cha agogo sichinafike chonse m'nkhokwe, ndipo mvula ilibe mlandu.

Munda wathu uli cha ku Thambani, m'mphepete mwa nkhalango. Chimanga chikayamba kukhwima, wolondera apusi ndimakhala ine. Ndine munthu wosayankhulayankhula (agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira, amati ndinabadwa ndi maso okhaokha), choncho ntchitoyi imandiyenera. Koma imatopetsa. Kuthamanga ndi legeni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, miyendo imafika pokana.

Pokhala pamenepo ndinazindikira kuti apusi salira chisawawa. Akaona galu, mmodzi amakuwa, onse n'kukwera m'mitengo. Akaona chiwombankhanga kulira kwake n'kwina, kokhala ngati chifuwa, ndipo onse amatsika n'kubisala powirira. Ndinati bwanji ndiziwauza m'chiyankhulo chawo ndili chikhalire?

Ndinayamba ndi kulira kwawo kochenjeza za galu. Masiku awiri zinayenda, mpaka ndinapezako tulo masana. Tsiku lachitatu pusi wamkulu anayang'ana uku ndi uku, galu osamuona, anandiyang'ana ine, n'kupitiriza kusenda chimanga. Anali atandidziwa kuti ndine wabodza.

Mawa lake ndinatulutsa chiwombankhanga. Gulu lonse linali m'mitengo, likudikira kuti ndisinze. Ndinakwera pachulu n'kutsokomola mwaluso. Anandimvera ndithu. Onse, ndi ana omwe atakakamira kumimba kwa amayi awo, anatsika n'kuthamangira pamalo owirira amene anali pafupi: m'chimanga chathu. Ndinasokonezeka n'kuliranso mokweza (musandifunse chifukwa), iwo n'kulowa m'kati mwenimweni. Ndipo pusi akabisala sapinda manja.

"Kodi chifuwa chimenechi chakuyamba liti?" Anali agogo, ataima kumbuyo kwanga ndi mbale ya mbatata.

"Ayi agogo, ndikuwaopseza. Ndawauza kuti kukubwera chiwombankhanga."

Anayang'ana mapesi akugwedezeka munda wonse. "Ndiye akumvera bwino anzakowo. Zaka zonsezi anthu umangowayankha ndi mutu, lero pakamwa wakatsegulira apusi?"

Tinawatulutsa ndi miyala, agogo akung'ung'udza, koma mizere yakumtunda inali itatsala zitsononkho. Ufa unatithera mu Januwale, ndipo ndinakagwira ganyu kwa Nthache mpaka manja kutuluka matuza.

Chaka chino chimanga chabereka bwino. Ndayamba kumvetsera mmene apusi amalirira akaona njoka. Agogo sindinawauze.