Tsiku Limene Ndinasankha Mafayilo Ngati Kachewere

Mpaka lero sandipatsa kiyi wa chipinda chilichonse chokhala ndi mapepala. Sindidandaula. Ndikanakhala kuti a Sisitere ndine, nanenso sindikanamupatsa munthu wonga ine.

Amuna anga, bambo a Tereza, ankasamalira maluwa pa yunivesite ya Akatolika imene ili kufupi ndi kwathu kuno. Atatisiya, a Sisitere oyang'anira antchito anabwera kudzapepesa. Potsanzika anati, "Mukapuma mudzabwere. Tidzakuyesani miyezi itatu pa ntchito yosesa. Mukachita bwino, mudzakhazikika." Ndinali ndi ana atatu ndi kamunda kamodzi ka kachewere pamtsetse. Miyezi itatuyo ndinaigwira ndi manja awiri.

M'mwezi wachitatu momwemo kunamveka kuti kukubwera alendo. Ndinafunsa mnzanga wosesa naye, a Nabanda, ngati ndi Ambuye Episkopi. Anati ayi, awa ndi akuluakulu a maphunziro ochokera m'mayiko oyandikana nafe, akudzaona ngati sukuluyi ikuyenera dzina lake. Akakana, masatifiketi a ana athu sakhala ndi mphamvu kunja kwa mpanda. (Ine ndinalekezera Sitandade 4, ndiye ndinkadziwa kuti sukulu ndiyo imayesa anthu. Zoti nayonso ili ndi tsiku lake loyesedwa, sindinkazidziwa.)

Pasukulu panatentha. Miyala inapakidwa laimu, mitengo inavala masokosi oyera. Chitseko chilichonse anachikhomera chikwangwani, ngakhale chimbudzi chimene tonse tinkachidziwa bwino. Kenaka tsiku lina ndikukolopa, anandipeza a Dokotala Mbewe, mmodzi wa aphunzitsi, atamanga tayi, kabuku kali m'manja.

"Dzina lanu ndani, mayi?"

Ndinawayang'ana. "A Dokotala, si inu munanyamula nawo bokosi la bambo a Tereza?"

"Lero sindine ine. Ndine mlendo. Tikuyeserera."

"Mlendo wochokera kuti?"

"Kulikonse. Tangoyankhani. Cholinga cha yunivesite ino n'chiyani?"

"Kuti pansi pakhale poyera."

Analemba kanthu m'kabuku kaja n'kupita akupukusa mutu. Ine ndinatsala ndikuganiza kuti maphunziro ochuluka ali ndi matenda ake.

Tsono panali chipinda china chimene aliyense ankachitchula monong'ona. Mayi Kamanga, mphunzitsi wochepa thupi koma wamaso akuthwa, anali atatha kale miyezi inayi akusonkhanitsiramo maumboni. Akuti alendowo sakhulupirira za pakamwa. Ukati aphunzitsi athu anaphunzira, amati onetsa pepala. Ukati ana amalemba mayeso, amati pepala lili kuti. Kutatsala tsiku limodzi, masana, a Sisitere anandipatsa kiyi. "Mukonzemo bwino, amake Tereza. Alendo akalowa aone kuti ndife anthu adongosolo."

Nditalowa ndinawamvera chisoni Mayi Kamanga. Pamatebulo anayi aatali panali mafayilo osakanikirana: yonenepa pambali pa yowonda, yaitali pambali pa yaifupi, yatsopano yonyezimira itabisika kumbuyo, yothaitha ili patsogolo penipeni. Iliyonse inali ndi kapepala kachikasu kamatidwa pamsana ngati nkhupakupa. Ndinati mumtima, mayiwa ndi ophunzira ndithu, koma sanagulitsepo kanthu pamsewu.

Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti kachewere sapita kumsika wa ku Linthipe wosasankha. Wamkulu payekha, wapakati payekha, ting'onoting'ono pambali. Ndipo pachidebe wonenepa ndiye amakhala pamwamba, kuti wogula aime. Alendo nawonso si ogula kodi?

Ndinamanga chitenje n'kuyamba. Onenepa onse ndinawandanda patebulo loyang'ana kukhomo. Apakati anatsatira. Opyapyala, ochititsa manyazi aja, ndinawalongedza m'katoni, n'kuikankhira pansi pa tebulo, nsalu n'kuphimba. Timapepala tachikasu ndinatimatula kamodzikamodzi mosamala kuti ndisang'ambe kanthu. (Sindinatitaye. Pepala louma nyengo yozizira salitaya munthu wophikira nkhuni.) Potseka chitseko ndinacheuka, ndipo ndinati akanakhalapo bambo a Tereza akanandinyadira.

M'mawa mwake ndinalawirira kuti ndikamve kuyamikidwa. Mayi Kamanga anatsegula chitseko, anaima, kenaka anakhala pansi pasimenti, miyendo chotambalala, manja kumutu. Kwathu munthu amakhala chotero pa chifukwa chimodzi chokha, ndipo ine chifukwacho ndinali nditangochiona kumene. Ndinagwada pambali pawo.

"Pepani mayi. Ndani watisiya?"

"Timapepala tachikasu tili kuti?"

"Tina ndakolezera moto wa phala. Tina ndi iti." Ndinatulutsa totsala pa mfundo ya chitenje.

Timapepalato anatilandira ngati akulandira phulusa m'tchalitchi Lachitatu la Phulusa. Anandiuza, mawu ali pansipansi, kuti kapepala kalikonse kanali ndi nambala yofanana ndi funso la pa mndandanda wa alendo. Mlendo akatchula nambala, dzanja liyenera kugwera pa fayilo yake pompo. Kunenepa kwa fayilo kunalibe nako kanthu. Ine ndinamva mawu onse, koma mutu unakana kuwalandira. Chinthu chachikulu chingakhale bwanji chosaposa chaching'ono?

A Sisitere analowa, anayang'ana matebulo, anachita chizindikiro cha mtanda. Sanakalipe. Anangoti, "Amake Tereza, miyezi itatu ikutha Lachisanu." Nthawi yomweyo galimoto ya alendo inalira pageti. M'maso mwanga munabwera nkhope za ana anga atatu.

"Ndiwayendetsa kaye," anatero a Sisitere. "Inu awiri, pempherani ndi manja."

Mayi Kamanga anayamba kutsegula fayilo imodziimodzi kuti adziwe nambala yake. Zinali zochuluka, akanafika nazo madzulo. Ine Chingerezi cha pamsanapo sindikanachiwerenga, koma ndinanyamula imodzi n'kunena, "Yonenepa yabuluu iyi inali pawindo, pambali pa yowonda yodonthera tiyi."

Anandiyang'ana, anatsegula, anawerenga. "N'zoona. Yotsatira?"

"Yofiira yong'ambika pakona. Kenaka ziwiri zofanana ngati mapasa."

Munthu wosalemba amasunga m'mutu. Ine ndimadziwa mzere uliwonse wa m'munda mwanga ndi mbewu imene ndinabzalamo. Choncho, poti mafayilo aja poyamba anandandalikidwa motsatira manambala, ndinkatchula, iwo n'kumalemba nambala yatsopano n'kumata, tonse tikuthamanga. A Nabanda ankabwera pawindo ndi uthenga. "Ali m'tchalitchi, kwaya ikuimba ndime zonse." Patapita nthawi, "Ali ku laibulale." Kenaka, "A Sisitere awatengera ku khola la nkhumba, ndipo mlendo mmodzi wayamba kuyang'ana wotchi."

Tinamaliza za pamatebulo chitseko chikugogodedwa. Ine ndinalibe kotulukira, ndiye ndinaima pakona ndi tsache langa ngati mzati. Analowa atatu. Wamkulu wawo anali mayi waimvi wovala magalasi, wa cha ku Zambia, amene anandipatsa moni m'Chinyanja. Anatchula nambala, Mayi Kamanga anapereka. Anatchula ina, anapereka. Yachitatu, dzanja lawo linayenda patebulo lonse n'kubwerera lopanda kanthu. Thukuta linawatuluka, kuzizira konse kwa Dedza kuli pomwepo. Ndinawamva akudzilankhulira, "Yobiriwira, yopyapyala, ya madandaulo a ophunzira."

Apo mpamene ndinakumbukira katoni.

Ndinaika tsache pansi, ndinagwada, ndinakwawira pansi pa tebulo pamaso pa anthu onse ophunzira aja, n'kutuluka chambuyo ndikukoka katoni.

"Nanga izi zabisidwiranji, amayi?" anandifunsa mlendo uja.

"Sizinabisidwe. Ndi zing'onozing'ono. Kwathu zing'onozing'ono sitiika pamwamba."

A Sisitere anatsinzina. Koma mlendoyo anafuna kumva zonse, ndipo ine kunama sindikutha, ndiye ndinafotokoza za kachewere, za chidebe, mpaka za phala. Anaseka mpaka anavula magalasi. Atapukuta misozi anati, "Inenso ndikagula pamsewu, ndimayamba ndakhuthula chidebe kuti ndione zapansi." Anakoka mpando, n'kukhala ndi katoni ija m'mawa wonse, tsamba ndi tsamba. Mwayi wake, Mayi Kamanga zing'onozing'onozo anazilemba bwino ngati zazikulu zomwe.

Lachisanu a Sisitere anandiitana. Nditalowa anati, "Mayi Kamanga akuti mutu wanu usatayidwe. Mwakhazikika. Koma bwezani kiyi. Kuyambira Lolemba muli kukhitchini."

Kalata ya alendo inadza patapita miyezi, yoti sukulu yakhoza, kungoti ikonze zina ndi zina. Ine tsopano ndimasankha kachewere wa chakudya cha ophunzira, ndipo palibe anadandaulapo. Mayi Kamanga tikakumana panjira amandipatsa moni woti, "Amake Tereza, ndani watisiya?"

Ndinaphunzira kuti cha mwini sasankha usanafunse. Koma chipinda chija chikadalipo, ndipo ndikamadutsa pawindo ndimaona yonenepa pambali pa yowonda, yothaitha ili patsogolo. Ndimafunda manja m'chitenje n'kufulumira. Poti kunena zoona, mmene ndinaikira ine munkaoneka bwino.