Ndichotseni pa Umboni wa Mfuti Yanu, a Tcheyamani

Kwa Olemekezeka a Tcheyamani,
Bungwe Lomenyera Ufulu wa Eni Mfuti Achimalawi ku Scotland,
Shawlands, Glasgow.

Bambo,

Loweruka lapitali mu holo ya tchalitchi ku Govanhill, munaimirira mutavala jekete yangati ya asilikali n'kulengeza kuti mfuti ikakhala m'manja mwa munthu wodekha ndi wodziwa kulunjika, imalasa chokhacho chimene mwini wake waloza. Mawuwa ndawalemba monga munawanenera, chifukwa ndi mawu akuluakulu. Tonse tinaomba m'manja, kupatula amayi amene ananyamula mbale za mandasi.

Ndine Manasseh, woyendetsa basi, amene kamunda kake kakugundana ndi kanu ku timinda tobwereka ta ku Springburn. Inu ndinu ankhoswe athu ine ndi Vainess, amake Olivia, ndipo munthu satsutsa ankhoswe ake pamaso. N'chifukwa chake ndalemba kalata, ndipo ndaiika pagulu lathu la pafoni kuti wina akuwerengereni, popeza zilembo zing'onozing'ono simugwirizana nazo.

Ndikuthokoza ulemu umene mwandipatsa. Malamulo a kuno amati wofuna chiphaso cha mfuti apereke mayina a anthu omudziwa bwino, oti achitire umboni kuti ndi woyenera. Inu munapereka dzina langa, kenako n'kundiuza mutapereka kale, kuti ndisavutike ndi kuganiza. Wapolisi wandiimbira kuti abwera kunyumba Lachinayi kudzandifunsa za inu. Chilandirireni foni imeneyo tulo sindikutiona, chifukwa cha chimwemwe. Ndiloleni ndikuuziretu zimene ndikuopa kuti zikatuluka pakamwa panga.

Choyamba, ndidzayamikira bungwe lathu. Ndi bungwe la eni mfuti lamtendere kuposa onse padziko lapansi, chifukwa mwa mamembala onse palibe amene ali ndi mfuti. Amene anaigwirapo ndi a Jacob, alembi athu, pamene anali mlonda ku Kanengo, ndipo amavomera okha kuti zipolopolo ankasunga abwana kunyumba. Mwatiphunzitsa zambiri kuchokera m'mavidiyo a ku America, makamaka za ufulu wa mfuti umene unalembedwa m'malamulo aakulu a dziko. Olivia atamva, anandiuza m'Chingerezi chake cha ku Glasgow chija, chimene ngakhale azungu a ku London amachimva movutikira, kuti dziko lake si lino. Ndinamukalipira. Mwana sangadziwe mapu kuposa a Tcheyamani.

Chachiwiri, adzandifunsa chifukwa chimene mukufunira mfuti. Apa ndidzakuikirani kumbuyo ndi mtima wonse: njiwa zikudya mpiru wanu. Ndaziona ndi maso anga. Zimatera mopanda ulemu, ngati sizikudziwa udindo wanu. Koma akadzafunsa kukula kwa mundawo ndidzasowa pothawira, chifukwa bedi lanu la mpiru likufanana ndi chitseko cha bafa. Alimi a kumapiri amene amawombera agwape ali ndi malo oti munthu amayenda mpaka kutopa asanaone nyumba ya mnzake. Inu ndi ine tinalekanitsidwa ndi chingwe chomwe tinamanga pa timitengo tiwiri, ndipo tsidya lino la chingwecho amake Olivia amakhala atawerama Loweruka lonse, kupalira nkhwani. Ndikuuzeninso mwachinsinsi, bambo, kuti amene akumaliza mpiru wanu kwenikweni ndi nkhono zija zopanda chigoba. Sindikudziwa kuti zimenezi amaziwombera ndi mfuti yamtundu wanji.

Chachitatu ndi kudekha. Pa nkhani iyi ndili ndi zambiri zokutamandani. Tsiku lija nkhandwe itafukula mbatata zanu, simunaiphe. Munangoithamangitsa ndi khasu mpaka pa siteji ya basi, mukuitchula mayina a Chichewa chakuya amene ine ndinawamva komaliza pa mkangano wa makondakitala ku Limbe. Gogo wachizungu amene ankadikira basi anaganiza kuti mukulalikira, ndipo anakugwedezerani mutu mwaulemu. Pa chisankho cha bungwe lathunso munaonetsa mtima wabwino: a Rowland atangofunsa ngati wina angapikisane nanu, munawachotsa pagulu kwa sabata imodzi yokha.

Chachinayi, kabati yachitsulo. Ndinu munthu wokonzekera: munagula kabati yosungiramo mfuti musanapemphe n'komwe chiphaso, n'kuikhomerera kukhoma monga lamulo likufunira. Mayi a kunyumba kwanu ataona kuti mbewa sizingalowemo, anaikamo ufa, usipa ndi nsinjiro zimene anabwera nazo kuchokera kumudzi. Lamulo limati kiyi asunge mwini chiphaso yekha. Kiyi ali pachingwe m'khosi mwa mayi, ndipo tonse amene timawadziwa tikudziwa kuti sachokamo. Wapolisi akafunsa ngati mfutiyo idzakhale yotetezeka ndidzati inde, ngakhale inuyo simudzaigwira.

Za magalasi amene adokotala anakulemberani, ndipo inu mumawasiya m'thumba chifukwa akuti amakukalambitsani, sindidzayambitsa ndine. Koma akandifunsa, mpingo wonse unalipo tsiku limene munalengeza nyimbo ya maliro pa ubatizo wa mwana wa a Wezzie.

Tsopano ndifike pamene pakundipweteka. Mutandiuza za umboniwu munati ndisade nkhawa, ndikangonena zabwino zokhazokha monga timachitira kwathu. Zoona, kwathu umboni timaudziwa. Pamaliro timati malemu anali munthu wamtendere, ngakhale amene malemuwo anawathyola dzino atakhala kutsogolo. Kalata ya mpingo imati munthu ndi wokhulupirika, chonsecho akusamuka chifukwa chakuti mpingo watopa naye. Umboni wotere ndimautha, ndipo tsiku lanu likadzakwana ndidzaupereka mpaka anthu adzalira. Koma malemu sapatsidwa mfuti. Anthu a kuno anaika m'manda ana awo asukulu chifukwa cha munthu mmodzi amene anawawombera ali ndi chiphaso, ndipo sanaiwale. Wapolisi akamafunsa safuna mbiri ya pamaliro. Kumunamiza ndi mlandu, ndipo munthu wamlandu angaiwale za chiwongolero cha basi.

Ndiye onani pamene mwandiimika. Ndikanama, ntchito yanga ili pachiswe, ndipo mkazi wanga adzapalira nkhwani kutsogolo kwa mfuti. Ndikanena zoona, ndataya ankhoswe, ndipo nkhani ya amene anawotcha ketulo yatsopano, imene munaiimitsa mwezi watha, idzasowa woweruza. Amake Olivia akuti iwo ali okonzeka kuvomera kuti anawotcha ndi iwo, bola mfutiyo isabwere. Chikwatiranireni sanavomerepo mlandu. Apa mwayanjanitsa banja kuposa m'mene munachitira pa maulendo onse amene munabwera kudzamwa tiyi.

Choncho ndikugwada, bambo. Imbirani apolisi lisanafike Lachinayi, muwauze kuti Manasseh ndi wosaphunzira mokwanira kuti afotokoze ukulu wanu. Ndili ndi neti yakale ya udzudzu imene ndinabwera nayo kuno osadziwa kuti sidzagwira ntchito. Ikwana bedi lanu lonse n'kutsalako, njiwa sizingaiboole, ndipo siifuna chiphaso kapena mboni. Utcheyamani musausiye ayi. Bungwe la eni maneti lingapeze mamembala enieni.

Koma ngati mtima wanu wakakamira pa mfuti, ndipo mwapeza mboni ina yolimba mtima kuposa ine, chonde muzitidziwitsa tsiku limene mukupita kumunda, kuti ine ndi banja langa tizikaima pafupi ndi njiwa.

Ine wanu wodzichepetsa, mwana wanu m'banja ndi mnzanu wa m'malire,

Manasseh Chikaonda,
Springburn.

Ndinatsala pang'ono kuiwala. Amake Olivia akupereka moni. Mwala umene munaponyera njiwa ndi legeni Lolemba madzulo unawapeza ali kumbuyo kwanu, ndipo mpaka lero akudya chakudya ataimirira.