Mmene Ndinakulitsira Zuze wa ku Midzemba

Sekani, sekani ndithu, mano ndi anu. Koma amene akuti Kachingwe ndi telala chabe, wodziwa zigamba ndi mabatani basi, ayambe wandiuza kuti m'Neno monse muno ndi ndani wina amene anayang'anapo mwana wa sukulu kamodzi kokha n'kunena kuti uyu akatchinga kumbuyo ku timu ya koleji, zinthu n'kuchitikadi. Palibe eti? Ndiye chotsani miyendo pa makina angawo, mukhale bwino, ndikuuzeni za Zuze wa ku Midzemba. Ndikanama pena paliponse, singano iyi indibaye pa lilime.

Zinali zaka zimene matipati anali atangobwera kumene, Neno akadali pansi pa Mwanza, aliyense akuyankhula zakukhosi pa msika osacheuka, ana akubweza mawu kwa makolo awo amvekere ndi ufulu umenewo, malole akutuluka ku Luwani kubweza anzathu a ku Mozambiki kwawo. Ine ndinkasoka pakhonde lomwe lino la pa Lisungwi, ndipo makabudula onse a matimu a sukulu, kuyambira ku Magaleta mpaka ku Midzemba, ankadutsa pa singano yanga. Munthu ukayeza ntchafu za anyamata kwa zaka zambiri, diso limaphunzira. Ine ndinkangoona katumba ndi kaimidwe, ndadziwa kale kuti uyu ndi womwetsa zigoli, uyu ndi goloboyi, uyu angokhala wochemerera.

Ndiye tsiku lina anatulukira a Nyirenda, amene kale ankaphunzitsa pa boma n'kumasoketsa mabuluku awo kwa ine, koma pa nthawiyi anali kochi wa timu ya koleji ina ya zaumisiri ku Blantyre. Anati, "A Kachingwe, kumbuyo kwa timu yanga kukudontha ngati denga la udzu wa chaka chatha. Ndipezereni mnyamata wa Fomu Folo wotchinga. Ndili ndi malo amodzi okha. Akaphunzira ntchito, uku akusewera."

Mnyamatayo ndinali naye kale m'mutu. Mayi ake, a Nachisale, anabwera naye kuti ndimusokere kabudula wa sukulu, ndipo tepi yanga inathera pakati pa ntchafu imodzi, ndinalumikiza ndi tepi ya telala mnzanga osakwanabe, ndinabwereka chingwe cha pa chitsime ndiye kukwana, nsalu ya kaki inatha m'masitolo onse a pa Lisungwi ndisanamalize lamba, mpaka ndinachita kupita ku Luwani kukapempha matenti amene othawa nkhondo anasiya, mwendo uno tenti yake, mwendo uwo tenti yake. Mukumva? Bambo ake anali atamwalira, ndipo mayeso akatha, chimene chinkamudikira ku Midzemba chinali khasu ndi uvuni wa makala. Malo a ku kolejiwo anali khomo lake lokhalo.

Koma ukulu si mpira, ng'ombe nayo ndi yaikulu. Ndinayenera kumuyesa, ndipo ndinamuyesa nyengo ndi nyengo, chifukwa galu wamkota sakandira pachabe. Wotchinga kumbuyo choyamba ndi mapazi, kuti akaima waima. Ndinamuimika kumunsi kwa chitunda cha msewu wochokera ku boma, ine n'kukwera pamwamba, n'kumasula ng'ombe pa ngolo yodzaza ndi manachesi, n'kuikankha, ndipo ngoloyo inatsika ikulira, mateyala akufuka utsi, agalu akuthawira m'mitengo, koma Zuze anangotulutsa chifuwa, ngolo n'kuima nji, manachesi onse n'kuuluka, kusendeka okha m'mwamba chifukwa cha liwiro, n'kukagwera m'kamwa mwa amayi a kwaya amene ankaphunzira nyimbo kuseri kwa tchalitchi. Njere zimene analavula amayiwo ndi zimene zinamera munda uja mumakaba manachesi inu.

Chachiwiri ndi chiuno, kuti womudoda akakhota, iye akhote naye. Mwezi wotentha kunabwera kamvuluvulu wamkulu kuchokera ku Shire, atasenza madenga, zovala za pa chingwe ndi nkhuku za anthu, akulunjika pa msika. Ndinati, "Zuze, mgwire uyo, asadutse." Kamvuluvulu akapita kumanja Zuze ali pomwepo, akabwerera kumanzere Zuze ali pomwepo, akayesa kulowa pakati pa miyendo akupeza patsekedwa, mpaka mwini wake wa kuzungulirayo anachita chizungulire, anakhala pansi, anatula malata ndi nkhuku zonse mwadongosolo, n'kubwerera kwawo wapansi atawerama. Za mtsinje wa Lisungwi sindinena, mungati ndikuwonjezera, koma funsani amayi a kutsidya amene anawoloka pouma kupita ku chigayo tsiku la mvula yoyamba, madzi ataima pamzere kumbuyo kwa msana wa Zuze kudikira kuti achokepo.

Ndinatumiza mawu kwa a Nyirenda kuti bwerani ndi galimoto yaikulu. Anabwera Loweruka, maso ali kumwamba, chifukwa mitambo inali itayamba kusonkhana ndipo mukudziwa msewu wathu kuti ukanyowa umasunga alendo mpaka Pasaka. Anati akufuna kumuona Zuze m'masewero enieni, kamodzi kokha, apo ayi apita kukatenga mnyamata wina amene anamva mbiri yake ku Ntcheu. Ndiye tinakonza mpira pa galaundi ya pano, ana a sukulu mbali ino, mbali inayo timu ya anthu apantchito: aphunzitsi, achipatala, alangizi a zaulimi ndi wapolisi mmodzi. Anthu anadzaza mpaka m'milambe.

Wenzulo italira, mpira unapita kwa ahedi a pa sukulu ya Zuze yomweyo, bambo a mimba yawo, othamanga ngati akusaka ndalama imene yagwa. Ine ndinagwira a Nyirenda pa phewa kuti onani tsopano. Ahedi atayandikira, Zuze anapatuka. Anapatuka, abale anga! Anatuluka mu mzere, n'kunjuta pambali, manja pamodzi, amvekere, "Wawa ahedi, dutsani." Ahedi anadutsa, chigoli. Atabwera adokotala amene anamubaya katemera ali khanda, Zuze anawafunsa kuti aswera bwanji, n'kuwalozera kumene kuli goli. Mpira utawapulumuka alangizi n'kugubudukira kwa iye, anautola, anaupukuta fumbi pa malaya ake, n'kuwapatsa ndi manja awiri, lamanzere litagwira pa mkono wa lamanja. Penate.

Mukuona, ana onse a nthawi imeneyo demokalase inali itawalowa m'mutu, koma uyu yekha inamulambalala. A Nachisale anamulera kuti mwana satsekera wamkulu njira, ndipo mayeso anga onse aja sakanaonetsa zimenezi, chifukwa ngolo, mphepo ndi madzi zilibe imvi. Zigoli zinagwa ngati matalala. Anthu amene ankaziwerenga poika mwala pa chigoli chilichonse anapezeka kuti amanga maziko a nyumba ya zipinda zitatu nthawi yopumulira isanakwane. A Nyirenda anandiyang'ana n'kunena kuti, "A Kachingwe, chikomekome cha mkuyu," ndipo sanamalize n'komwe, anangouza dalaivala wawo kuti alize galimoto.

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso. Koma choposa manyazi chinali chisoni, chifukwa ndinaona a Nachisale ataima pafupi ndi dengu lawo la zitumbuwa akumwetulira, akunyadira kuti mwana wawo waonetsa khalidwe pamaso pa anthu onsewa, osadziwa kuti khalidwe lomwelo likumubwezera ku makala. Ndinapempha a Nyirenda kuti adikire chigawo chachiwiri chokha, n'kuthamangira kwa mnyamatayo.

"Iwe Zuze, wandiphera chiyani? Ngolo unaiimitsa, ahedi akukanika?"

"Pepani a Kachingwe," anatero maso ali pansi. "Ngolo si munthu wamkulu. Ndikawatsekera ahedi njira, amayi andiona bwanji?"

Kumukalipira kunali kutaya malovu. Ulemu wotere suchoka ndi mawu, uli m'mafupa. Ndiye mutu wanga uwu, umene inu mumauyesa poika chipewa, unagwira ntchito. Ndinati ngati mwana sangatchinge akulu, ndiye tingomusandutsa wamkulu kuposa onse. Ndinakoka a Nachisale pa dzanja mpaka pakati pa galaundi.

"Mayi, kodi dzina la Zuzeli analitenga kuti?"

"Ndi la agogo ake, bambo anga ondibala. Pakhomo ndikafuna kumunyengerera ndimati bambo."

Zuze wamkuluyo ine ndinamuona ndi maso anga ndili mwana, munthu amene anabadwa phiri la Neno likadali chulu, amene ankalumpha Lisungwi akadali ngalande ya m'dimba, amene milambe yonse ya m'chigwa muno anaidzala yekha ngati tomato. Ndinatembenukira mnyamatayo, n'kuvula chipewa changa anthu onse akuona.

"Mwamva, a Zuze? Dzina silibwera lokha, limabwera ndi zaka za mwini wake. Inu si mwana ayi. Ahedi awo, adokotala awo, wapolisi uyo, onsewo ndi adzukulu anu, ndipo akhala akukudutsani pamaso chithamangire, opanda ndi moni womwe."

Anayang'ana mayi ake. A Nachisale, mayi wanzeru, anagwada pa fumbi n'kunena kuti, "Ndi zoona, bambo." Abale anga, ndinamva msana wa mnyamatayo ukulira ngati nsungwi pa moto, mawu ake anatsikira m'mimba, imvi zinatuluka pa chibwano pomwe panalibe ndevu n'komwe, anaika manja kumbuyo, n'kutsokomola chitsokomolo chija cha akuluakulu chimene chimaletsa phokoso pa maliro, mpaka mitambo imene inkafuna kugwetsa mvula inaima kaye kuti imve.

Chigawo chachiwiri ahedi anabweranso ndi mpira, akuseka, akuyembekeza kuti njira itseguka. Zuze sanasunthe. Anangoti, "Iwe mwana, ukuthamangira kuti osapereka moni?" Ahedi anagunda chifuwa chija n'kunjanja chagada, kudutsa pakati pa galaundi, kudutsa goli lawo lomwe, kukatera mu ofesi yawo pa mpando, choko chili m'manja. Mpira umene anasiyawo Zuze anaumenya kamodzi ndi phazi lopanda jombo, ndipo unakwera, unadutsa Luwani, n'kukagwera mu lole ya anthu obwerera kwawo, n'kuwoloka malire opanda chiphaso, ndipo ana a ku Zobuwe akuusewerabe mpaka lero, sunaphwe. Kuchokera pamenepo mipira inauzana. Iwe wa chipewa chofiirawe umati sunamumvepo Zuze pa wailesi. Ungamumve bwanji? Wailesi imatchula munthu amene mpira wamufikira, tsono mpira uliwonse m'dziko muno ukamuona unkakhota wokha.

Mpira wina utabwera, palibe anadutsa. Adokotala anayesa kumanja, anapezeka akudzimanga okha bandeji. Alangizi anayesa kumanzere, anamira m'nthaka mpaka m'mawondo ngati mbewu imene ankatiphunzitsa kudzala. Goloboyi wathu anasowa chochita, anabwereka khasu, anadzala maungu m'goli, maunguwo anayanga pa mitengo ya goli, anachita maluwa, anabala, iye anaphika, anagawirako woyimbira mpira, masewero akadali m'kati. Mukumva? Ndipo zitafika poipa, Zuze anawaitana onse apantchito aja n'kuwafunsa kuti zigoli za chigawo choyamba zija anazitenga ndi chilolezo cha yani. Wapolisi ndi amene anayamba kubweza chake, atavula chipewa, ena onse n'kutsatira, aliyense kukachotsa mwala wake pa maziko paja ndi kupepesa, mpaka pamalopo panatsala poyera ngati pa dwale.

A Nyirenda anali atazimitsa kale galimoto. Anandigwira chanza ndi manja awiri, misozi ili m'maso, amvekere, "A Kachingwe, uyu ndi wa Ntcheu uja n'zosiyana. Ndamutenga, lero lomwe." A Nachisale analuluta mpaka zitumbuwa zinadumpha m'dengu. Ine chifuwa changa chinakula moti mabatani a malaya amene ndinasoka ndekha anathothoka, ndipo mukudziwa kuti batani la Kachingwe silithothoka wamba.

Ponyamuka, Zuze sanafunse munthu. Anatsegula chitseko cha kutsogolo n'kukhala pafupi ndi dalaivala, a Nyirenda ndi ukochi wawo wonse n'kukwera kumbuyo pamodzi ndi thumba la nandolo. Ine ndinakonza kolala, n'kupita pa windo kuti mwanayo atsike, agwade, athokoze munthu amene wamutsegulira khomo, anthu onse a pa Lisungwi aone. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, anatulutsa dzanja, n'kundisisita pa dazi langali.

"Iwe Kachingwe," anatero, "wachita bwino, mdzukulu wanga. Ukapitiriza chonchi, ukadzakula udzakhala munthu."

Ndikanatani? Zaka zimenezo ndinamupatsa ndine, pamaso pa mayi ake ndi galaundi yonse, ndipo ndikanazilanda, akanakafika ku Blantyre n'kumakapatukira aliyense wa ndevu. Ndinagwada pa fumbi, ine bambo wa ana akuluakulu, dzanja lamanzere litagwira lamanja, n'kunena kuti, "Zikomo agogo, muyende bwino."

Mukusekanso? Sekani. Oyesa osewera alipo ambiri, ena ali ndi mawotchi ndi magalimoto. Koma munthu amene anapita ku mpira ali wamasiye wopanda ndi gogo yemwe, n'kubwerako atadzipangira agogo ake ndi manja ake pa nthawi yopumulira, m'Malawi muno ndine ndekha.