Wogula wa ku Mkanda

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo ndaibisa zaka ziwiri. Koma poti akabaza a pa Kamwendo amaifotokozera aliyense amene wakwera njinga zawo, n'kumathiramo ndi mchere womwe, bola ndiinene ndekha.

Ndinali ndi galimoto, anthu inu. Osati tigalimoto topitira kuchigayo iti ayi. Dzina lake inali Mphenzi. Ndinaigula ili yofatsa bwinobwino, kenako ine ndi makaniko wanga tinaisandutsa chilombo. Tinaikamo turbo, matayala otakata, phiko kumbuyo, masipika odzaza buti, ndi ekizozi yoti mwana akhoza kulowetsamo mutu. Tinaitsitsanso mpaka mimba yake inkatsala pang'ono kukhudza tala. Phindu lonse la kashopu kanga ka mafoni linkathera mmenemo, koma ine ndinkangoti zili bwino.

Amene sankati zili bwino ndi Tiyamike, chibwenzi changa, mphunzitsi wa ku Mlonyeni. Tsiku lina anandipeza ndili chagada pansi pa Mphenzi, miyendo yokha ikuoneka.

"Limbani, ngati ukufunadi chinkhoswe, chiphokoso ichi chichoke," anatero. "Amalume anga ndi mkulu wa mpingo, ndipo akati ayi, kwathu palibe amene amatsegulanso pakamwa. Akuti adzabwera kudzakuona kaye asanakumane ndi abale ako."

"Liti?"

"Saneneratu. Amangotulukira."

Ananenanso zina zambiri za amalumewo, koma ine ndinali ndikulimbana ndi bawuti, moti zinangondidutsa. Chimene ndinamva n'chakuti ndisankhe, Tiyamike kapena Mphenzi. Ndinalira chamumtima, koma ndinasankha Tiyamike, chifukwa mtsikanayo ndimamukonda zenizeni.

Ndinaijambula Mphenzi mbali zonse n'kumwaza zithunzi pa mafoni a anthu. Milungu itatu, oimba anali achinyamata ongofuna kudzajambulitsa atatsamira phiko. Kenako Lachinayi lina panaimba munthu wa mawu olemera.

"Ndine mlimi wa fodya ku Mkanda. Mabelo anga ayenda bwino chaka chino. Ndikufuna galimoto yoti ikadutsa, anthu azidziwa kuti padutsa munthu. Ndibwera Loweruka m'mawa."

Loweruka ndinaitsuka Mphenzi ndi sopo wosambira pashopu panga pamsika. Cha m'ma naini panafika bambo wachikulire pa njinga yakuda, atavala jekete ndi chipewa, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze.

"Odi! A Limbani ndinu?"

"Ndine, bambo."

"Ndachokera ku Mkanda. Ndamva zambiri, ndiye ndati ndidzadzionere ndekha."

Mtima wanga unavina. Alimi a fodya ndimawadziwa: njinga yakutha, koma m'thumba la jekete muli nyumba yamalata. Mawu awo anali opyapyala kusiyana ndi a pa foni paja, koma ndinangoti ndi netiweki.

"Mwafika, bwana! Musavutike n'kufunsa, chilichonse ndikuuzani ndekha. Kwerani muimve!"

Anayang'ana galimoto, anayang'ana ine, kenako anatsamiritsa njinga pakhoma n'kulowa. Kuti akhale pampando anachita kugwada ngati akulowa m'khola la nkhumba.

Nditaliza injini, mbuzi za pamsika zinabalalika. Tinangoyenda pang'ono n'kufika pa hampu.

"Bwana, tatsikani kaye."

"Tafika kale?"

"Ayi, koma tikakhala awiri siyikwera hampu. Mukandipeza kutsidyako."

Bamboyo anatsika, anawoloka hampu wapansi, ine n'kuidutsitsa Mphenzi chammbali ngati nkhanu. Atakweranso ndinaona kuti nkhope yawo yazizira, ndiye ndinati apa kasitomala angandipulumuke, ndiyambe kuthira mafuta. Munthuyu pa foni paja ankafuna galimoto ya mbiri, ndiye mbiriyo ndinayamba kuipanga pompo.

"Imeneyi, bwana, kuchoka pano kukafika pa boda ya Zambia ndi mamineti teni. Apolisi akakweza dzanja, pomalitsitsa ine ndili ku Chipata ndikuitanitsa chachiwiri."

"Chachiwiri chiyani?"

"Chozizira, bwana! Kubutiku kumalowa makireti awiri, masipika osawasuntha."

"Oho. Ndiye mumathamanga chonchi masiku anji?"

"Lamulungu m'mawa. Timapikisana ndi anzanga a ku Lilongwe."

"Nthawi ya tchalitchi?"

"Ndiye nthawi yabwinotu! Anthu onse amakhala atatsekeredwa m'mapemphero, msewu n'kukhala wathu."

Bamboyo anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, n'kuchivalanso. Ine ndinati ameneyu akuwerengera mtengo.

"Pitirizani," anatero.

Ndinapitirizadi, mwana wa anthu ine.

"Mpando mwakhalapowo, bwana, ukanakhala ndi pakamwa! Atsikana amachita kukanganirana. Wa ku boma, wa ku Kapiri, a ku Zambia ndiye sindiwerenga. Mukaigula, mayi kunyumba muziwauza kuti mwapita kukagula feteleza."

"Oho. Nanga galimoto yabwino chonchi mukuigulitsiranji?"

Apa ndinatsitsa mawu ngati tikudziwana kuyambira kale.

"Ndikukwatira, bwana. Koma mkaziyo ali ndi amalume ake ena ovuta, akulu a mpingo, aja amayenda ndi Baibulo m'khwapa ngakhale popita kudimba. Ndikufuna ndiwaphimbe m'maso chinkhoswe chidutse. Ukwati ukangotha, ndikugula ina yoposa iyi!"

Ndinaseka mpaka kumenya chiwongolero. Iwo sanaseke.

"Tiyeni tibwerere," anatero. "Ndaona zokwanira."

Pa hampu anatsika okha osauzidwa.

Titafika pashopu, tinapeza Tiyamike akutsika minibasi, atanyamula jumbo ya mbatata. Ndinamukodola monyadira kuti adzaone kasitomala. Iye anangoti maso pa bamboyo, jumbo pansi phi, n'kugwada pafumbi pomwepo.

"Amalume! Mwafika nthawi yanji? Mwapezana kale ndi a Limbani?"

Anthu inu, ndinamva thukuta likutuluka ngakhale m'zikhadabo.

"Amalume... a ku Mkanda?" ndinafunsa ndi mawu a mwana wa mbuzi.

"Si ndinakuuza uli pansi pa galimoto kuti ndi akapitawo pa esiteti ku Mkanda?"

Amalume anakatenga njinga yawo modekha.

"Tapezana, mwana wanga. Andiuza zonse okha, sindinavutike n'kufunsa. Za ku Chipata, za Lamulungu, za atsikana a pampando. Nyamula mbatata zako tizipita. Chinkhoswe palibe."

Tiyamike anandiyang'ana, misozi ili lengelenge. Pamenepo ndinaiwala ulemu wanga wonse. Ndinadzigwetsa maondo pansi, pamaso pa akabaza, amayi a tomato ndi mbuzi zomwe zinali zitabwerera.

"Bambo, zonse zija ndi bodza! Ndimafuna kugulitsa galimoto basi!"

"Bodza liti? Mwanenatu zambiri."

"Lonse! Imeneyi siinapitirirepo eyite, ikangoyesa imawira ngati ketulo! Turbo inafa chaka chatha, chimene chimalira chija ndi kawenzulo tinamangirira mu ekizozi! Ku Chipata siinafikeko, inafera pa boma, tinaibweza ndi ngolo!"

"Nanga apolisi?"

"Akangokweza dzanja ndimaima ndisanawafike n'komwe, ndimachita kunjenjemera!"

"Atsikana?"

"Akazi amene anakhalapo pampando paja ndi Tiyamike ndi azakhali anga basi. Azakhaliwonso anatsikira panjira n'kukwera kabaza, akuti msana! Lamulungu ndimakhala kukwaya, ndimaimba besi, kafunseni! Mowa ndinalawako kamodzi, ndinadwala masiku atatu!"

"Zoona zimenezo, akulu!" anakuwa wakabaza wina. "Galimoto imeneyi m'mawa uliwonse timaikankha ndife!"

"Ndipo imadontha oyilo ngati denga la udzu!" anawonjezera mnzake.

"Eya! Imadontha!" ndinavomereza mokondwa. "Imamwanso petulo ngati thirakitala! Nthawi ya mvula siyituluka pageti! Munthu wanzeru sangaigule imeneyi!"

Kumbuyo kwanga wina anatsokomola.

Nditacheuka ndinaona chibambo chonenepa, nsapato zonyezimira, chikwama chotupa chili m'khwapa. Chinali chitaima pamenepo sindikudziwa kuyambira liti.

"Pepani, ndine wa ku Mkanda uja ndinaimba Lachinayi," chinatero ndi mawu olemera aja. "Ndamva zonse. Zikomo kwambiri chifukwa cha chilungamo, achimwene. Anthu ngati inu ndi osowa."

Chinandigwira chanza ndili chigwadire, n'kukakwera minibasi yomwe inatsitsa Tiyamike ija. Chikwama chija ndinachiperekeza ndi maso mpaka chitseko chinatsekedwa.

Amalume anaima atagwira njinga, n'kundiyang'ana.

"Latsala limodzi," anatero. "Zoti malume wake ndi wovuta, nalonso ndi bodza?"

Ndinayankha maondo akadali pafumbi.

"Bambo, limenelo ndikudikira mundiuze ndinu."

Amalume anayesetsa kulimba, koma masharubu anayamba kugwedera. Kenako anaphulika chiseko mpaka chipewa chinagwa, akabaza n'kulandira, Tiyamike naye akuseka uku akupukuta misozi ndi chitenje.

"Dzukani, mukuipitsa thalauzi," anatero amalume. "Mawa ndikubwera kutchalitchi kwanu ndidzaimve besiyo. Ikakhalapo, chinkhoswe chichitika. Koma tsiku limenelo mudzabwere pa njinga, sindikufuna alendo anga azidzatsika pa hampu."

Mawa lake ndinaimba besi mpaka mawindo ananjenjemera, ndipo chinkhoswe chinachitikadi. Tiyamike lero ndi mayi a kunyumba kwanga.

Koma Mphenzi, Kamwendo yense atamva ndi makutu ake kuchokera pakamwa pa mwini wake, palibe anabweranso kudzaifunsa. Ili kuseri kwa nyumba pa njerwa, phiko lake timayanikapo matewera. Amalume anatipatsa misoti isanu ya nkhuku ngati mphatso ya ukwati, ndipo yonse imaikira mazira pampando wakutsogolo uja. Amalumewo akabwera kudzacheza amayamba asuzumira pawindo la Mphenzi, n'kundiitana mokweza kuti aneba amve:

"A Limbani, munkanena zoona! Atsikana akukanganiranadi mpando!"

Ndiye anzanga, musanayambe kunamiza munthu, muziyamba mwamufunsa dzina.