Nyimbo ya Che Likwata inandigwaditsa ku Mposa

Mpaka lero ana a ku Mposa akandiona ndikutsika njinga yamoto amayamba kuyimba mluzu, ine n'kumangoyang'ana kumbali ngati sindikumva. Wolakwa ndi mlamu wanga Yusufu, ngakhale kupusa kwake ndinabweretsa ndekha.

Nthawi imeneyo ndinali ndisanakwatire. Ndimakonza mafoni pa Balaka, ndipo Patuma, amene mtima wanga unafera, analeredwa ndi agogo ake ku Mposa. Anandiuziratu kuti agogo aamuna, Che Amadu, akangopukusa mutu, ukwati kulibe. Anyamata ena anali atabwererapo kale pakhomo paja. Ine mantha anandigwira, tulo osabwera.

Tsiku lina Yusufu, mchimwene wake wa Patuma, anabwera kudzakonzetsa foni.

"Alamu, musavutike ndi shuga kapena sopo," anatero. "Pakhomo paja amafa ndi Che Likwata. Mukayimbe nyimbo yake imodzi yokha, mkazi ndi wanu."

Achinyamata simungamudziwe. Che Likwata anali woyimba banjo wa nthawi ya atsamunda, woyenda pa sitima n'kumayimba m'misika ndi m'maukwati. Chipewa choyera chopendekera ku khutu limodzi, buluku loyera, kampango m'thumba. Akuti sankakuwa iyayi, ankayimba ngati akukunong'oneza iwe wekha pagulu lonselo. Pakati pa nyimbo ankazungulira pa chidendene, kugwada bondo limodzi pamaso pa mkazi, n'kumuvulira chipewa. Anamwalira kalekale, koma mukangotchula dzina lake, okalamba mapewa amayamba kugwedezeka okha.

Yusufu anandiikira nyimbo imodzi mufoni, yothetheka ngati akukazinga chimanga. Inali ya m'Chiyao. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, Chiyao changa chimathera pa moni (moniyonso ndimayankha mokhota). Ndinaloweza mawu onse osadziwa tanthauzo. Chimene ndinagwira ndi dzina limene linkabwerabwera, Abiti Juma, ndipo ndinaganiza kuti ndi dzina la m'nyimbo chabe.

Chipewa ndinachipeza pa kaunjika. Buluku loyera linalipo limodzi, lothina, koma wogulitsa analumbira kuti limatambasuka. Banjo ndinabwereka kwa mnyamata woyimba pa depoti. Madzulo ndinkatseka kashopu kanga n'kumazungulira pa chidendene, mpaka mayi wogulitsa mandasi pafupi anandifunsa ngati ndayamba kudwala mutu.

Loweruka ine ndi Yusufu tinafika ku Mposa. Che Amadu anali pa mpando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango, munthu wamtali, wouma, wosaseka. Agogo aakazi anali pamkeka akusenda nandolo. Titapatsana moni, Yusufu analengeza kuti mlendo wabwera ndi kamphatso. Patuma anandiyang'ana modabwa, chifukwa ndinamubisira zonse (ndinkafuna adzagome nane).

Ndinapendeketsa chipewa, n'kuyamba.

Mzere woyamba, agogo aakazi anasiya nandolo. Ndinati eya, yagwira. Wachiwiri, anthu oyandikana nawo anayamba kusuzumira pampanda. Nditatchula Abiti Juma, azimayi anagwira pakamwa, wina anathawira kuseri kwa nkhokwe kukaseka. Ine mtima unangoti myaa, ndikuganiza kuti luso landitulukira ukulu uno. Ndinakweza mawu. Ndinazungulira pa chidendene, fumbi koboo, n'kugwada pamaso pa agogo aakazi, chipewa m'manja.

Buluku lija linatambasukadi. Linang'ambika kumbuyo kuchokera m'chiuno mpaka pansi, ndipo kamphepo kanandiuza zonse.

Ndili chigwadire, Patuma anafika pakhutu panga.

"Mukudziwa zimene mwayimba? Abiti Juma ndi agogo akaziwa. Nyimboyi akuti siya kamlimi ka miyendo ngati bango, kosadziwa kuvina, tiye tikakwere sitima."

"Kamlimiko ndi ndani?"

Anangoyang'ana ku mpando wa ndalema.

Abale, ndinafuna nthaka ing'ambike ngati buluku lija. Kuthawa sindikanatha, chifukwa kuyimirira kunali kuonetsa mudzi wonse zimene sunapemphe. Yusufu anali atagona pansi, akupuma movutika chifukwa cha kuseka. Ndinadziwa kuti Patuma ndamutaya, ndipo misozi inali pafupi.

Koma agogo aakazi anali atadzuka. Ndodo imene ankayendera anaitaya, akugwedeza mapewa, akumaliza okha nyimbo ija ndi kamawu kakang'ono, nkhope ikuwala ngati mtsikana.

"Ankandiyimbira pamsika, anthu onse akuona," anatero. "Ndipo ankanunkhira bwino, mwana iwe."

Che Amadu anayimirira.

"Chipewacho bweretsani kuno."

Ndinapereka ndi manja awiri. Anachiyang'ana, anachivala, n'kuchikankhira ku khutu ndi chala chimodzi.

"Mwamunyozetsa malemu," anatero. "Ine ndinkadana naye, koma sankazungulira ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Imbani."

Ndinakhwacha banjo. Mkulu uja anaponda kamodzi, kawiri, n'kuzungulira pa chidendene mosalala, fumbi osadzuka n'komwe. Anagwada pambali panga, pamaso pa mkazi wake, n'kuvula chipewa. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu.

"Ndinaphunzira kuseri kwa khola, chaka chonse, kuti ndimupose," anandiuza motsitsa mawu. "Iye ankayimba bwino, sindikana. Koma sitima anakwera yekha."

Tinakhala choncho, amuna awiri ogwada pamaso pa gogo mmodzi amene ankangoseka.

"Munthu wodzichititsa manyazi chonchi chifukwa cha mkazi ndimamudziwa," anapitiriza. "Tumizani ankhoswe. Tsopano ndidzutseni, bondo lakana."

"Agogo, sindingathe. Buluku."

Anasuzumira kumbuyo kwanga, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akuseka. Tinadzutsidwa tonse, iwo ndi adzukulu, ine ndi chitenje cha Patuma m'chiuno, ndipo ndinabwerera nacho choncho mpaka pa Liwonde.

Phunziro ndiye ndinalitola: nyimbo ya chilankhulo cha eni, yamba wafunsa tanthauzo, ndipo usafunse mlamu. Che Amadu anandiletsa kuti ndisadzaiyimbenso pakhomo pawo, ine n'kulonjeza. Kungoti akapita kudimba, agogo aakazi amandikodola, n'kundiuza kuti ndiyimbe motsitsa. Ndiye munthu ungawakanire bwanji akuluakulu?