Nyemba Zokwera ndi Nyemba Zotsala

Usiku wathawu Dokotala Nelia Kadzuwa analota nyemba zikumuzenga mlandu. Musamuseke. Mayiyu anaphunzira kwambiri za zamoyo, makamaka za mizu ya mbewu, koma masiku ano ntchito yake ndi yoyenda m'masukulu ndi tochi, mpira ndi lalanje, kuphunzitsa ana za kuthambo. Chaka chino bungwe lawo likukweza chibaluni chonyamula kabokosi ka nyemba, chikafike kumtunda kumene thambo limada ngakhale masana, kuti nyembazo zikatsika ana adzazidzale n'kuona ngati zasintha. Sukulu ziwiri zinalima nyembazo, zonse nanyati. Komiti inagamula kuti za sukulu ya m'tauni zikwere, za sukulu ya kuseri kwa dambo zitsale pansi zofananizira, ati chifukwa ojambula sangafike kudambo ndi matope amenewa. Matope eti. Pamsonkhanopo Nelia anangoti zii. Mabotolo awiri a nyembazo anafika nawo kunyumba, nawaika pakabati kuti akapereke m'mawa.

Ndiye m'malotomo anapezeka ali pasiteji, dzuwa lili pamutu, patsogolo pake pataima minibasi yopanda matayala. Kondakitala linali lalanje lake lija, likukuwa kuti kumwezi, kumwezi, mmodzi inyamuke. Ndiye anakwera. Anthu anali atakhala anayianayi, koma atayang'anitsitsa anaona kuti si anthu, ndi nyemba zovala mataye. Imodzi inamusendera n'kumufunsa mwaulemu ngati iyeyo anapitako kale kumene ikupitako. Funso limeneli ndi lomwe ana amamufunsa pasukulu iliyonse, ndipo nthawi zonse amaliyankha mozungulira. Ati atsegule pakamwa, tochi ya m'chikwama inamutsogolera.

"Awa? Kumtunda kumene anafikako ndi padenga la labu yoyezera mbewu, tsiku lomwe ankachotsa chisa cha mavu."

Nyemba zonse zinaseka mpaka minibasi kulira ngati chisekese.

Mwadzidzidzi minibasiyo inali holo, ndipo komiti inali itakhala kuseri kwa tebulo la nsalu yoyera. Wapampando, a Chimwala, anaimirira kuti alemekeze alendo. Akatchula udindo wa munthu, nthenga imodzi inkaphuka pakhosi pawo. Pomwe ankafika kwa alendo olemekezeka nonse, anali atasanduka nkhukutembo yathunthu, taye yofiira ija ili lende pansi pa mlomo. Mlembi wawo anasanduka birimankhwe, diso lina kwa wapampando, lina kwa wojambula, ndipo ankati akugwirizana nazo munthu asanayankhule n'komwe. Wojambulayo anali chiswamphika, manja m'mwamba, akupempha aliyense amwetulire.

Nelia anayenera kukwiya, koma chidwi chinamuposa. Anaona kuti mapazi a tebulo sakugunda pansi, ndiponso kuti pansipo palibe. Holo yonse inali itayandama. Nkhukutembo inatsegula botolo la madzi a alendo, madziwo n'kutuluka ali kampira konyezimira. Inakajompha, n'kukweza mutu monga zimachitira nkhuku kuti madzi atsike kukhosi, koma madzi osatsika. Inakwezanso, osatsika. Nelia anayandikira kuti aone bwino, chifukwa nkhani imeneyi anaiphunzitsapo kambirimbiri koma anali asanaionepo ndi maso.

Ndiye nyemba ina inang'ambika, katuluka kamuzu koyera, kakupapasa uku ndi uku ngati munthu wofuna patapata mumdima. Kanazungulira tebulo kakufunsa aliyense kuti pansi ndi kuti. Nkhukutembo, madzi akadali pakhosi, inati funsolo ndi lapafupi: pansi ndi kudambo, m'mwamba ndi m'tauni, ndipo zinakambidwa kale. Birimankhwe anagwirizana nazo. Kamuzuko sikanakhutire, kanabwera kudzakoleka pachala cha Nelia. Iye anakafotokozera monga amachitira ndi ana, kuti kunsonga kwa muzu uliwonse kuli timibulu tonga mchenga, timene timakhazikika mbali imene dziko likukokera, ndipo muzu umatsatira komweko. Kuno dziko silikukoka, ndiye timibuluto tangoti balala.

"Ndiye kuti kuno kulibe wapansi?" kanafunsa kamuzuko.

Nelia anati kulibe. Kamuzuko kanacheukira nkhukutembo n'kuiyang'ana nthawi yaitali, ngakhale kanalibe maso.

Mwadzidzidzi matope anamufika m'maondo. Anali m'kalasi ya kuseri kwa dambo, achule atakhala m'madesiki mwa ana. Mwana weniweni anali mmodzi yekha, Ndaziona, mtsikana amene sabata yatha anamutsatira mpaka pagalimoto n'kumufunsa kuti nyemba zawo zalakwa chiyani. Tsiku limenelo Nelia anamuuza kuti zotsala nazonso n'zofunika, n'kutseka chitseko msanga. Tsopano mtsikanayo anali atanyamula botolo la sukulu yake, ndipo botololo linali litavala thonje kumutu ngati woweruza.

Nyemba za m'botolomo zinayankhula zonse pamodzi. Zinati izo sizikukana kutsala. Wina ayenera kutsala, apo ayi palibe angadziwe ngati wopita uja wabwera atasintha. Koma izo zinakulira m'dothi lakuda la kudambo, zikumwa mvula yokha, pamene anzawo aja anakulira m'katondo, akumwa madzi a pampopi ndi feteleza wa makolo awo. Nanga akadzatsika n'kumera ataliatali, ana adzauzidwa kuti ndi thambo kapena ndi feteleza?

Nelia anati akudziwa. Anati wophunzira aliyense wa chaka choyamba kukoleji amadziwa kuti zokwera ndi zotsala ziyenera kuchokera mulu umodzi. Umatsanulira zonse m'lichero, n'kusakaniza, n'kugawa pakati osayang'ana nkhope.

"Nanga kumsonkhano kuja munali ndi chimfine?" zinafunsa nyemba.

Achule anagogoda madesiki. Nelia anayamba kufotokoza kuti akanayankhula a Chimwala akanatha kuchotseratu sukulu ya kudambo, mwinanso iye amene, ndiye ana amenewa tochi ndi lalanje akanaziona kuti. Koma mawu ake ankatuluka ali timipira tamadzi, n'kumayandama kupita kudenga osamveka. Ndaziona anagwira kamodzi, anakaika kukhutu, n'kupukusa mutu.

Ndiye denga linatseguka, mwezi n'kutsika pang'onopang'ono mpaka pamiyendo pake, ndipo sunali mwezi, linali lichero, losokedwa ndi nsalu m'mbali mmene linang'ambika. M'manja mwake munali mabotolo onse awiri. Nkhukutembo inatulukira pazenera, nthenga zili nyankhalala, birimankhwe ali pamsana, chiswamphika chikuthamangira m'mbuyo kufuna poima.

"Dokotala, muganize bwino. Zikasakanizika, pachithunzi tidzalemba dzina la ndani?" inafunsa nkhukutembo.

Nelia anafuna kudziwa ngati birimankhwe, ndi maso ake awiri oyenda paokha aja, angathedi kusiyanitsa nanyati wa m'tauni ndi nanyati wa kudambo. Funsolo linamukomera kwambiri moti anaiwala mantha. Anapotokola chivindikiro, napendeketsa botolo loyamba. Waa.

Anatsegula maso. Kunja kunali kutayera, ndipo phokoso lija linali lisanathe m'makutu. Linachokera kukhitchini. A Lusiya, alamu ake amene anabwera dzulo kudzacheza, ndi munthu woti sangaone nyemba m'nyumba n'kuzisiya zikhale. Anali akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, ndipo botolo limodzi anali atalikhuthulira kale m'lichero.

Limodzi lokha. Akanakuwa nthawi yomweyo, zonse zikanabwerera m'malo mwake, ndipo a Chimwala sakanadziwa kanthu. Anadzuka n'kukhala tsonga, pakamwa yasa. Anamva chivindikiro chachiwiri chikulira, cholimba, alamu akulimbana nacho, kenaka akuchigogoda m'mphepete mwa sinki. Nelia anatseka pakamwa, nayang'ana denga.

Waa.

Anadikira mpaka atamva dzanja likuzungulira m'lichero kufunafuna timiyala, kamodzi, kawiri, katatu.

"Alamu," anaitana, "takasani bwinobwino. Koma madzi musathire."

Nyimbo ija inaduka.

"Nanga masana tidyera chiyani?"