Makala a m'tochi ndi galasi la azungu

Ndinayambitsa ndine, musavutike kufufuza. Ngati kalasi yathu sidzaonanso mizere ya kuwala, wotukwanidwa akhale ine.

A Phiri, aphunzitsi athu a sayansi, anabwereka sipekitirosikopu kusukulu ya azungu m'tauni yathu ya Bulawayo. Ndi kachubu kokhala ndi galasi la ngodya zitatu logawa kuwala m'mitundu yake. Kumeneko n'zodzaza kabati, koma kuti ife tione kamodzi kokha, a Phiri anakaima kukhomo lakuseri chipewa chili m'manja.

"Maiko akunja," anatero m'kalasi, kachubuko kali m'manja, "amaotcha makala ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa leza mpaka asanduke pulazima, mpweya woyaka. Akasuzumira muno amadziwa kutentha kwake."

"Nanga ife, sala?" ndinafunsa.

"Ife tili ndi kandulo ndi mchere. Khala pansi."

Leza ndikanaitenga kuti, m'dziko loti ngakhale petulo ndi wa makuponi? Koma makala ndinali nawo. Ndinang'amba mabatire a tochi ya bambo (mpaka lero akuganizira mlamu wawo), n'kusolola timitengo takuda ta m'kati. Pabuleki ndinakokera mnzanga Sipho wa ku lokeshoni ya Barbourfields m'chipinda cha sayansi.

"Wena, uyahlanya," anatero Sipho m'chinenero chakwawo, kutanthauza kuti ndapenga. "Misala yako itiphetsa." Koma khomo anandilondera.

Ndinamanga mawaya, kuwalowetsa m'soketi, n'kusendeza makalawo pafupi ndi galasi kuti ndione bwino. Nditagunditsa nsonga zake kunawala koyera koboola m'maso, ndipo m'chubumo munandanda mizere. Kenaka phu! Magetsi anazima sukulu yonse, galasi litang'aluka pakati.

A Phiri sanakalipe. Anangotola kachubuko n'kukapukuta ndi tayi yawo.

"Mwana wakwathu, ukudziwa kuti wokabweza ndine?"

Anakabwezadi. Anauzidwa kuti anthu akuda ndi zipangizo siziyenderana, asadzabwerenso. Zimenezo zinandiwawa, koma wondiwawitsa sanali a Phiri.

Ahedi anandithira zikoti n'kundipatsa dzenje la zinyalala loti ndikumbe, maso akuyabwa ngati athiridwa mchenga. Ndili m'dzenjemo a Phiri anabwera, nayang'ana uku ndi uku.

"Unaona chiyani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Mizere yobiriwira, sala, ndi ina yonga maluwa a jakaranda."

"Kumba," anatero.

Ndinakumba ndikuimba mluzu. Bulawayo yense wakuda, amene anaonako pulazima ya makala ndine, ndipo mtengo wake unali matako okha.